Bowo la Njerwa ya Abambo

Achimwene a Hopeson,

Ndine mlongo wanu Nachisale, wa zaka 84, kuno ku Nambuma. Akundilembera ndi a Rhoda a kumpingo. Kaya inu ku Bulawayoko? Ife tilipo, pang'onopang'ono.

Anthu kuno achita zogometsa. Amanga chipilala pafupi ndi msika, chokumbukira amuna athu amene anapita kunkhondo ya azungu osabwerako. Anagwirizana kuti banja lililonse liumbe njerwa imodzi ndi dothi la pabwinja pomwe panali nyumba ya msilikaliyo. Amayi anatunga madzi akuimba, alimi a fodya napereka nkhuni zootchera. Chaima bwino, achimwene, ngakhale a minibasi amachepetsa liwiro kuti aone.

Njerwa ya abambo athu ndinaumba ndekha, koma ndaisunga pansi pa bedi. Amisiri anati, "Agogo, bweretsani titseke, mvula yayandikira." Ine ndinati, "Siyani bowolo, tinabadwa awiri."

Zimene anandiuza kuchipatala tidzakamba pamaso. Kungoti musadikire nthawi yokolola. Ndiyankheni msanga ngati mubwere tidzaike limodzi, kapena ndiike ndekha manja akadagwira.

Ine mlongo wanu,
Nachisale