Burashi Ikuchedwa, Apongozi Akudikira Nsalu

Aphungu,

Ndine bambo wa mwana mmodzi, Funsani, ndili pachikamwini kuno ku Ndunde. Dimba ndimalima ngati anzanga onse, koma luso langa ndi kujambula. Kale ndinkajambula papepala ndi penti wamadzi. Chaka chatha achimwene anga amene ali ku Joni ananditumizira laputopu yakale, pamodzi ndi kabolodi kojambulirapo ndi cholembera chake. Basi, kuyambira pamenepo ndinasanduka nkhani pamudzi pano. Mlamu wanga Lackson akandiona ndafungatira makinawa amati, "Alamu, filimu ya lero ndi ya karate kapena ya chikondi?" Anthu n'kufa nacho chiseko. Ine ndimasekanso, koma mumtima mukuwawa. Ndiye ndinayamba kujambulira kuchipinda, chitseko chotseka, laputopu ili pabulangete pabedi, kuti asamandione.

Tsono mwezi watha kunachitika zomwe sindinkayembekeza. Apongozi anga aakazi, mayi Enelesi, ndi wapampando wa gulu la amayi olima masamba kudambo kuno. Gululi likufuna nsalu yakeyake yoti amayiwa akavale pa chionetsero cha zaulimi. Ine ndi apongozi sitiyankhulana maso ndi maso, mukudziwa mwambo wake, tikakumana panjira wina amapatuka. Koma tsiku lina mkazi wanga Phoebe anabwera akumwetulira n'kuti, "Bambo a Funsani, amayi aimirira pamsonkhano n'kunena kuti, 'Musavutike kukafuna wojambula ku Limbe, mkamwini wanga ndi katswiri.'" Aphungu, misozi inalengeza m'maso. Sindinkadziwa n'komwe kuti iwo amadziwa zimene ndimachita.

Ndinatenga tepi n'kuyeza chitenje cha Phoebe, kenako n'kutsegula pepala la pakompyuta lalikulu chimodzimodzi, kuti pokadinda zisakatuluke zosaoneka bwino. Ndinayamba kujambula mpiru, nyemba, tomato ndi kheni yothirira, kuchokera kumutu mpaka kumapeto kwa nsalu. Koma ha! Ndikakoka mzere, dzanja lafika kale kutsidya, utoto ukubwera pambuyo ngati nkhalamba pachitunda. Ndikaona kuti sukutuluka ndimabwereza, n'kubwerezanso, kenako mizere yonse imatulukira pamodzi, masamba anga obiriwira n'kusanduka matope. Fani ya m'laputopu ikumalira ngati chigayo, ndipo nthawi zina makina akumangozima ndisanasunge ntchito.

Amayi aja akumana kumapeto kwa mwezi uno kuti aone chithunzicho. Lackson akuti, "Ingowauzani kuti makina afa." Koma ndikatero apongozi achita manyazi pagulu chifukwa cha ine, ndipo sadzanditchulanso. Ndili ndi mantha, Aphungu. Kodi laputopuyi yatha ntchito? Nanga penti wamadzi wa pakompyuta angawale ngati wa papepala?

V.K., Ndunde, Chiradzulu

A V.K.,

Pumani kaye, achimwene. Laputopu yanu sinafe ayi. Mwangoisenzetsa katundu wa ngolo, n'kuikhazika pabulangete m'chipinda chotseka dzuwa likuswa mtengo. Akanakhala inuyo mukanathamanga?

Tiyambe ndi nsaluyo. Tengani chitenje cha mayi a Funsani chija, koma ulendo uno musachiyeze, chiyang'aneni. Muona kuti duwa lomwelo likubwera, n'kubweranso, mpaka kumapeto. Palibe amene anajambula nsalu yonseyo ndi dzanja. Anajambula kachigawo kamodzi, makina odinda n'kukabwereza. Inunso teroni. Imbirani foni amene adzadinde nsaluyo akuuzeni kukula kwa kachigawoko, mutsegule pepala la msinkhu umenewo basi. Mpiru umodzi wokongola, tomato, nyemba, kheni imodzi. Mukangochita zimenezi muona burashi yanu ya pakompyuta ikuyamba kutsatira dzanja.

Kenako pepuzani makinawo. Maleya aja, timapepala toonekera timene mumasanjikiza pojambula, musawasiye ambirimbiri. Amene mwathana nawo aphatikizeni. Tsekani intaneti, nyimbo ndi mapulogalamu ena onse pamene mukujambula. Ngati magetsi alipo, chaja ikhale yolumikiza, chifukwa laputopu ikamayendera batire yokha imaumira mphamvu. Burashi ya penti wamadzi, yosakaniza utoto, ndiyo imalemetsa kompyuta kuposa zonse, makamaka mukaikulitsa. Malo aakulu pakani ndi burashi wamba, yamadziyo muzigwiritsa ntchito m'mphepete mwa masamba ndi m'mithunzi. Ndipo muzisunga ntchito pafupipafupi, musamadikire kuti ndimalize kaye tsamba ili.

Za matope aja, pepani, wolakwa si kompyuta. Papepala mukapaka penti wamadzi mumadikira aume, si choncho? Nanga pano mwapsa mtima bwanji? Kokani mzere kamodzi, chotsani dzanja, udikireni utuluke. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chepetsani mphamvu ya utoto, muyambe ndi wotuwa, wakuda uzibwera pamwamba pang'onopang'ono. Siyani malo ena oyera osapaka, kuwala kwa penti wamadzi kumachokera pamenepo. Mitundu isachuluke, wobiriwira, wofiira ndi wachikasu ikwana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma dziwani kuti utoto wofooka kwambiri umene ukukongola pasikirini umatha kusowa ukafika pansalu, ndiye m'mphepete mwa zithunzi muzilimbitse, ndipo odindawo muwapemphe ayese kaye pakansalu kakang'ono.

Tsopano nkhani yaikulu, ndipo mundimvetse bwino. Tulukani kuchipindako! Laputopu imapumira pansi ndi m'mbali, bulangete likuitseka mphuno. Ikatentha imadzichedwetsa yokha kuti isapse, ikalephera imazima. Iikeni patebulo, pansi pake mutsamiritse zitsekerero za mabotolo kuti mphepo izidutsa, mupukute fumbi m'timabowo take. Tebulolo likhale pakhonde, pamthunzi. Inde, pakhonde pomwepo, pamene aliyense wopita kumjigo akuonani. Manyazi anu ndi amene akuwotcha makinawo. Alamu anu akadzafunsanso za filimu, atembenuzireni sikirini aone okha tomato akupsa pansi pa dzanja lanu. Munthu amaseka chimene sanachione.

Ndipo ndikufunseni, mukuganiza kuti apongozi anu anadziwa bwanji za luso lanu inu mukudzitsekera? Mwina ndi mkazi wanu amene amawaonetsa zojambula zanu, mwina anali kukuonani chinunu kuyambira kale. Mulimonsemo, muli ndi anthu awiri pamudzipo amene ali kumbali yanu, ndipo mmodzi wa iwo wazinena pamsonkhano. Zimenezo si zazing'ono kwa mkamwini. Nthawi ilipo yokwanira, kachigawo kamodzi simungalephere.

Chenjezo langa nali. Bodza loti makina afa musalinene, ngakhale zinthu zitathina. Komanso musadikire tsiku la msonkhano kuti apongozi adzaonere limodzi ndi gulu. Mukangomaliza tsamba loyamba la mpiru, apatseni mayi a Funsani laputopuyo apite nayo kwa amayi awo, akafunse ngati mpiruwo ukufanana ndi wakudimba kwawo. Akati tsambalo lawonda, linenepetseni osanyinyirika, mpiru amaudziwa ndi iwowo. Mayi amenewa anaika dzina lawo pa inu asanaone ngakhale mzere umodzi. Akhale oyamba kuona, kuti tsikulo akalowe mumsonkhano mutu uli m'mwamba.

Aphungu