Makina Osokera M'nyumba ya Asiya

Lolemba, 24 Ogasiti 1987

Alhamdulillah. A Shehe Abdulhamid avomera. Ndinapitako funso nditalikonza sabata yonse, koma iwo anayankha uku akusenda nzimbe: "Wamasiye asatuluke, asadzikongoletse. Zosoka m'nyumba mwake palibe pamene zinaletsedwa. Nanga ana adya misozi?"

Ndiye makina osokera a gulu lathu la amayi apita kwa Asiya. Amuna ake, a Sufiyani, anamira panyanja ndi mphepo ya mwera kumapeto kwa Julayi. Iye ali m'eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osadutsa pakhomo, monga chipembedzo chathu chimanenera. Mwa amayi onse amene ndikuwaphunzitsa kusoka kuno ku Ngala, woika kolala mowongoka ndi iye yekha. Mayunifolomu a pasukulu akufunika Okutobala asanafike. Akapanda kutha, a ku ofesi ya chitukuko ananeneratu: makina akaperekedwa ku gulu la ku Kanyenda, ife tibwerere kukayanika usipa wa eni ake.

Lero ndadya bwino koyamba.

Lachitatu, 26 Ogasiti

Tawasenza, ine ndi Jenifa, wapampando wa gulu. Mutu wa makina m'dengu, miyendo payokha. Mchenga wotentha. Jenifa njira yonse kundinyogodola: "Aphunzitsi, JC yanu ija siyithandiza kusenza?"

Asiya waonda. Anagwira gudumu, n'kulizungulitsa pang'onopang'ono. Kenaka anati, "Mafuta mulibe umu." Mawu ake oyamba osakhudza maliro. Ndinatuluka ngati ndikukatunga madzi, ndinakalira kuseri.

Ku ofesi sindinawadziwitse kuti tasamutsa makina. Ndikuopa angakane. Mulungu andikhululukire, Iye akudziwa kuti sindinabe.

Lachisanu, 4 Sepitembala

Masiku abwino, mpaka ndikuchita nawo mantha. Amayi akudula nsalu pakhonde, Asiya akusoka mkati, zomalizidwa zikutulukira pawindo. Sofiya, mmodzi wa amayi a m'gulu lathu, waphunzira kuboola mabowo a mabatani, ngakhale awiri oyamba akuoneka ngati maso a chambo. Taseka. M'nyumba ya maliro, taseka. Ngati ndi tchimo, n'langa.

Lachiwiri lonse linathera pabwalo, kuyeserera magule a chipani. Za izo sindilemba zambiri. Asiya yekha ndiye sanaitanidwe, ndipo pobwerera tinapeza mulu wa madiresi pamphasa.

Ulusi wabuluu ukutha. Kwa a Zaidi kugolosale wakwera mtengo.

Lolemba, 7 Sepitembala

Ndalakwitsa. Munthu wobadwira konkuno, osaganiza za chuma cha masiye.

A Swaibu, akulu ake a malemu, afika kuchokera ku Dwangwa kudzachita sadaka ya arobaini, ya patatha masiku makumi anayi, ndi kuona katundu wogawa. Maukonde, njinga, wayilesi. Ndi makina. Akuti, "Chilichonse chili pansi pa denga la mng'ono wanga n'cha mng'ono wanga." Ndinagwada, ndinawafotokozera kuti ndi a boma, anatibwereka kuti amayi aphunzire kudziimira paokha. Anandiyang'ana ngati kamwana: "Mayi, boma linayamba liti kusungitsa katundu kuchipinda kwa wamasiye?"

Ndipotu bomalo silikudziwa n'komwe.

Akuti Loweruka abwera ndi ngolo. Swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo, ndaisokoneza, mutu uli kwina, ndachita kuyambiranso.

Lachinayi, 10 Sepitembala

Ndakwera matola kupita ku boma kukaulula. A Alufandika, akulu a ofesi yathu, anavula magalasi n'kuwaika patebulo. "Katundu wa boma mukumusuntha ngati mphika wobwereka?" Ndinangowerama. Zoona zake ndi zomwezo. Abwera mawa kudzaona okha. Kaya kudzaona, kaya kudzatenga, sananene.

Asiya sindinamuuze.

Lachisanu, 11 Sepitembala

Alhamdulillah, alhamdulillah. 

A Alufandika afika pa njinga yamoto nthawi imene amuna amatuluka mu mzikiti. Analunjika pakhomo la Asiya kuti alowe. Jenifa, Mkhristu mnzawo, ndiye anatchinga: "Bwana, mwamuna salowa umu. Muone ndi makutu." Ndinati basi, zathera pano. Koma anapempha mpando, n'kukhala pansi pa windo, makina akulira mkati osapuma. Diresi linatuluka. Anatembenuza kolala, kukoka msoko mwamphamvu, kuyang'ananso mkati mwake. Anafunsa kudzera pakhoma ngati singano zilipo zokwanira. Asiya anayankha kudzera mwa Jenifa kuti yatsala imodzi.

Kenaka anati, "Makina akhale momwemo mpaka mayi atuluke. Ulendo wina muzitiuza." Ndinakhala pansi padothi pomwepo.

A Swaibu anali chapatali, pansi pa mtengo wa mango. Jenifa anawaloza. A Alufandika anapitako, kuwapatsa moni mwaulemu, kuwafunsa dzina ndi mudzi wakwawo. Basi, palibenso china. Anakwera njinga yawo.

Loweruka, 12 Sepitembala

Ngolo yabwera. Yatenga maukonde ndi njinga, wayilesi aisiyira ana. Makina sanawatchule n'komwe. Mtima wanga wakhala pansi. Asiya watumiza mawu kuti Lolemba Sofiya alowe, amuonetse kolala, kuti gulu lisamadalire munthu mmodzi.

Koma pobwerera a Swaibu ananditsatira mpaka kumsewu. Munthu wamkulu, wa imvi, chisoti m'manja. "Mayi, dzina langa lija lapita kuti? Kadi ya chipani ndili nayo, onani." Anaitulutsadi.

Ine ndikudziwa kuti silinapite kulikonse. A Alufandika amafunsa aliyense choncho, ndipo analibe ndi cholembera chomwe. Ndikanawauza. Ndinangoti, "Sindikudziwa, bambo."

Ndi bodza, ndipo ndaona munthu akuopa chifukwa cha ine. Ndiwauza zoona. Ndiwauza ndithu.

Mayunifolomu akatha.