Mawu Amene Bambo Satchula

Lolemba, 5 Meyi 1997
Masabata atatu chiikire mkazi wanga Anastasia m'manda. Ndabwerera kusukulu. Ana a Giredi 7 ali zii, ngati wodwala ndine. M'sutikesi ya Anastasia ndapezamo envulopu ya ku Lusaka, ya chaka chatha. Chithunzi cha m'kati mwa mabere, chojambula ndi makina a kuchipatala. Anatiuza kuti mulibe kanthu. Pobwerera tinamwa Fanta pa Chongwe, iye akuseka.

Lachisanu, 9 Meyi
Ndaonetsa chithunzicho kwa dokotala wamkazi amene wabwera kudzathandiza kuno ku Mpanshya. Wachiunika pazenera. Choyera chonse. Akuti mabere ena mnofu wake ndi wothithikana, mafuta ochepa. Pachithunzi mnofuwo umaoneka woyera, chotupa nachonso choyera, ndiye chimabisala. Akutinso otere khansa imawagwira kawirikawiriko, ndipo mwana amatha kutengera amake.
"Muli ndi mwana wamkazi?"
Jessy, zaka 27. Akuti abwere amupime ndi manja, amuphunzitsenso kudzipima yekha. Dokotalayu achoka pa 6 Juni.
Mabuku onse ndawerenga ine, koma izi sindinakumane nazo.

Lamulungu, 18 Meyi
Bambo satchula mabere kwa mwana wake wamkazi. Titatuluka m'tchalitchi ndapalasa njinga kwa mlamu wanga, ba Mailesi, akulu ake a Anastasia, kuti akamuuze ndiwo. Akana. "Makina aja ndi amene anafinya mng'ono wanga mpaka kumudwalitsa. Mwanayu musiyeni, alamu." Ndayesa kufotokoza kuti si choncho. Ayamba kulira, ndaleka. Andimangirira dzungu panjinga.

Lachiwiri, 27 Meyi
Jessy wabwera kuchokera ku Rufunsa kudzandithandiza kukolola. Kayendedwe ka amake, ngakhale kakhosomoledwe. Ndamulembera kalata kawiri, m'Chingelezi, poganiza kuti mawuwo apepukako. Ndang'amba zonse.

Loweruka, 31 Meyi
Mutu. Kumunda sindinapite.

Lolemba, 2 Juni
Kumunda, iye mzere wake, ine wanga. Ndamufulatira, maso pachimanga, ndanena zonse. Mawu aja ndawatchula ndi pakamwa panga. Kumbuyo kwanga mapesi analeka kulira.
"Lakumanzere, atate. Kuyambira pa Isitala. Sindinafune kuonjezera pamaliro."
Chimanga tachisiya pansi. Ndapopa njinga, tayala lakumbuyo likutuluka mpweya. Mawa m'mawa tiyenda pansi kupita kwa dokotala uja. Wapempha kuti ndikamudikire panja, koma ndisapite kutali.