Goliati wagona pabalaza

Amake Praise,

Musadzidzimuke, amene wagona pabalazayo ndi mnzanga Goliati. Musamudzutse. Bulangete lanu latsopano lija ndamufunditsa ndine, pepani, mundikalipire ndikabwera.

Ndikudziwa ndinati ndikangomwa paketi imodzi kubala kwa Aliness n'kubwerako. Ndinamupeza Goliati ali yekha pakona, ndiye ndinakhala naye. Timacheza bwinobwino za nandolo mpaka mvula inayamba. Mukudziwa mmene malata a bala ija amasokosera. Goliati anangodzambatuka n'kuyamba kukuwa kuti madzi akutsika kuphiri, aliyense athawe. Kenako anakumbatira mzati wapakhonde, akuitana malemu mkazi wake Margret ndi ana, mmodzimmodzi. Aliness anazimitsa nyimbo. Anthu aja mumawanena kuti ndi zidakwa zopanda nzeru, palibe anaseka ngakhale mmodzi. Ena anavula zipewa.

Chigumukireni phiri nthawi ya namondwe wa Freddy n'kukokolola banja lake, ife timangoti mwamunayu analimba mtima, osadziwa kuti amatibisira. Sindikanamusiya akagone yekha m'nyumba muja.

Ndapita ku Chiringa kukatenga alongo ake, ndibwera dzuwa lisanafike pamutu. Njinga ndatenga, mbuzi ndamangirira kale. Akadzuka mumupatse tiyi, koma za usiku musamufunse, achita manyazi.

Chinthu chimodzi chonde. Mitambo yadanso kuphiriko. Mvula ikayamba ine ndisanabwere, musatseke chitseko ngakhale madzi azilowa m'nyumba. Mtima wake umakhala pansi pokhapokha akamaona potulukira.

Ndine,
Bambo a Praise