Mchere Watha, Wolakwa Ndine

Amake Tisunge,

Musavutike kufunafuna mchere, uli pa masitepe a panja. Potuluka m'mawa uno ndapeza madzi aundana ndi chisanu, ayezi wagwira pomwe paja munaterereka n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Ine liwiro kukhitchini kukatenga mchere, paketi yonse khuthu pa masitepepo kuti ayeziyo asungunuke!

Ndimafuna ndikuperekezeni, poti lero m'poyamba kubwerera kuntchito, koma abwana andikaniza. Tsikani pang'onopang'ono, ndodo patsogolo. M'basi yopita kuntchito kwanu ku Govan pemphani mpando, musachite manyazi. Chiuno chikayamba kudandaula, auzeni anzanu mupume kaye. Ofesiyo yakudikirani miyezi yonseyi, siithawa lero.

Pepani za ndiwo zamadzulo. Zosakolera mchere ndidya mpaka kunyambita mbale, bola tidyere limodzi pakhomo pano, osati ku wodi kuja.

Wanu,
Eneya