Makhadi a Amuna Anga Amaseketsa Msewu Wonse

Aphungu,

Amuna anga ndi anthabwala m'gulu la zisudzo loyenda pa sitima yapamtunda. Dzina sinditchula, mkazi satero, koma ndi aja anaseketsa anthu ku Bombay mpaka benchi kuthyoka. Ndimawanyadira kwabasi. Chichokereni kumayambiriro kwa chaka chino cha 1886, silinapitepo tsiku osandilembera.

Vuto ndi loti amalemba pa khadi lopanda envulopu, ndipo ine sindidziwa kuwerenga. Kalata inonso akundilembera ndi mlembi wa pakhomo la positi ofesi. Ndiye a Dhondiba, otibweretsera makalata, amaima pakhonde n'kumawerenga mokweza, akusinthasintha mawu ngati ali pa siteji. Msewu wonse umasonkhana, ndi apongozi anga omwe. Dzulo mayi Yamunabai, oyandikana nafe, anakuwa kuti, "Musayambe a Dhondiba, ndiphule kaye mkaka!" Khadilo linali la mbuzi yomwe inadya nduwira ya amuna anga ku Nagpur, ndipo nanenso ndinaseka mpaka misozi.

Koma ndili ndi pakati poyamba, Aphungu, ndipo ndikuchita mantha. Anthu akabalalika ndimatsala ndi khadi m'manja, lopanda liwu ndi limodzi lomwe langalanga. Kodi amalembera ine kapena msewu?

R.G., Poona

Mayi R.G.,

Amuna anuwo ndinawaonerapo, nthiti zinandiwawa mpaka mawa lake. Munthu wotsika pa siteji thukuta lili kamukamu, n'kufunabe cholembera tsiku ndi tsiku, ameneyo musamukayikire. Komanso si wopusa. Akudziwa kuti a Dhondiba amawerengera gulu. Mukufuna anene kuti "ndakusowa" apongozi anu ndi mayi Yamunabai ali khutu tcheru?

Nthawi ikadalipo. Pitani kwa aphunzitsi a pasukulu ya atsikana akuphunzitseni kuwerenga ndi kulemba, ndipo musachite manyazi kukhala pamphasa imodzi ndi tiana. Mukadziwako, lembani ndi dzanja lanu, ngakhale zilembo zipendeke. Muwauze za mantha anuwo, ndipo m'kalatamo muikemo envulopu ina yomata kale sitampa. Munthu wochenjera chotero adzamva chimene mukupempha.

Makhadiwo asasiye, ndipo khamu la pakhondelo musalithamangitse. Omwewo ndi amene adzakuthamangireni kwa azamba tsiku lanu likakwana.

Ndikuchenjezeni chimodzi. Kalata yomatayo ikadzafika, mwina mudzawerengamo kuti atopa, kuti pakhosi pakuwawawa, kuti nawonso akuopa. Ikadzakhala yosaseketsa musadzakhumudwe, mayi. Imeneyo ndiye yanu.

Aphungu