Ndinawauza Amayi Kuti Mukubwera

Daegu,
3 Novembala 1986

Okondedwa achimwene Gwangsu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino kudoko la Las Palmas kumeneko, kutsidya kwa nyanja, pamodzi ndi alamu ndi ana. Msana uja unasiya kukuvutitsani? Ife kuno tili bwino.

Achimwene, musang'ambe kalatayi musanafike kumapeto. Munandiletsa kutchula za amayi kuyambira tsiku lija anameta mpala n'kukakhala sisitere kukachisi wa Abuda, patangotha miyezi itatu titaika abambo. Munati anatithawa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukumverani, koma lero ndalephera.

Sabata yatha mayi wamkulu wa pakachisipo anatumiza uthenga woti ndipite msanga. Loweruka ndinakwera basi, kenako phiri la kukachisi lija wapansi. Amayi ndinawapeza kuseri kwa khitchini akuthira mchere kabichi wopangira kimchi, ndiwo yathu yowawasa ija. Poyamba ndinawapitirira. Mkanjo wawo wotuwa ukungolendewera ngati wakolekedwa pamsomali, maso achita chikasu.

Ndinati, "Amayi!" Iwo osatembenuka n'komwe. Anangoti, "Kuno kulibe amayi, kuli Myoeun Sunim." Ndilo dzina limene anawapatsa kumeneko. Ndinawagwadira katatu ngati mlendo wina aliyense.

Mayi wamkulu uja ananditengera pambali. Anandiuza kuti adokotala apeza chotupa pachiwindi cha amayi, ndipo akufuna kuwachita opaleshoni mwezi uno usanathe. Akachedwa, maluwa a chaka chamawa sadzawaona. Chipatala chikufuna wachibale asayine pepala, koma amayi akuti alibe achibale. Akuti pakati pa mwezi uno akulowa m'chibindikiro cha miyezi itatu, chimene munthu satuluka pachipata.

Tinakhala awiriwiri m'kachipinda kawo. Anandithirira tiyi, wina n'kutayikira pansi. Ndinawadandaulira, ndinalira. Anati thupi ndi chovala chabe, ndipo chawo chatha.

Apa mtima unandipsa. Ndinati, "Ngati ndi chovala, ife amene tinatuluka mmenemo ndife chiyani? Ulusi?"

Anaseka, achimwene, kuseka kwawo kuja kwa kunyumba. "Pakamwa pako sipanasinthe, Hyeran. Mwamuna wako akupirira bwanji?"

Ndinawakalipira mpaka asisitere ena anasiya ntchito panja. Ndinawauza kuti kwa Abuda ali ndi nthawi, kwa anthu osawadziwa ali ndi chifundo, koma kwa ana awo alibe kanthu. Belu la mapemphero a masana litalira, amayi anaimirira n'kugwira chitseko. Ndinadziwa kuti akatuluka, basi, zatha.

Apa ndi pamene ndinakulakwirani. Ndinati, "Achimwene akubwera."

Anaima. Dzanja lili pachitseko, anati, "Gwangsu?" Zaka zonsezi ndinali ndisanawamvepo akutchula dzina lanu.

Bodza linangobwera lokha. Ndinati mufika pa 20, ndipo mwanena kuti mukufuna mudzawapeze kuchipatala, osati kumanda. Anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Anafunsa ngati mwanenepa, ngati mukusutabe fodya, ngati mwana wanu wachiwiri anatenga mphuno ya abambo. Sanafunse ngati mkwiyo wanu unatha. Belu linasiya kulira iwo ali pompo. Kenako anati, "Bweretsa pepalalo."

Ndinasayina. Pamene pafunsidwa ubale ndinalemba kuti mwana wawo, iwo akuona, ndipo sanatsutse. Opaleshoni ndi ya pa 24. Ndikawatenga pa 19 kupita nawo kuchipatala.

Anandiperekeza mpaka pachipata, akupuma kawirikawiri. Pamenepo anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ukudziwa kuti kuno bodza sitiseweretsa?" Ndinati ndikudziwa. Anati, "Chabwino. Umuuze atenge chikhoti chokhuthala, ameneyo anaiwala kuzizira kwa kwathu." Mpaka lero sindikudziwa ngati anandikhulupirira kapena anangondimvera chisoni.

Achimwene, sindikukupemphani kuti muwakhululukire. Bwerani ndi mkwiyo wanu womwewo, mudzawakalipire pabedi pomwepo ngati mukufuna, ine ndidzatseka chitseko. Koma bwerani. Pa 20 adzakhala akuyang'ana khomo la wodi. Mukapanda kulowa, ndikuwadziwa amayi: adzavala nsapato zawo mwakachetechete n'kubwerera kuphiri, ndipo palibe dokotala amene adzawagwire.

Ngati simubwera, ndiimbireni foni kuntchito mundiuze ndi pakamwa panu, kuti ndikawaululire ndekha tsikulo lisanafike. Dzina lanu ndinalitenga osapempha. Pa zimenezo ndikalipireni mukafika.

Mundiperekere moni kwa alamu a Yeongsuk, ndi kwa mwana wanu Minjae ndi mlongo wake. Nyanja ikusungeni bwino, ndipo ulendo wanu ukhale wopepuka.

Ndine mlongo wanu,
Hyeran